Njira yopezera ziphaso zogwirira ntchito ya kumva ndi kulankhula m'sukulu za ku America

M'sukulu za boma ku United States muli akatswiri awiri amene mwana wachibwibwi, mwana wochedwa kulankhula ndi mwana wovala makina m'khutu amawadalira tsiku ndi tsiku. Woyamba ndi katswiri wa za kalankhulidwe, amene kumeneko amangomutchula kuti SLP. Wachiwiri ndi audiologist, woyeza kamvedwe ka makutu ndi kusamalira zipangizo zothandiza kumva. Ngati muli kumeneko ndipo ntchitoyi ili pamtima panu, kapena mwana wanu ali ku koleji ndipo akuilakalaka, dziwani msanga kuti digiri yokha sikulowetsani m'kalasi. Pali mapepala atatu ochokera ku maofesi atatu osiyana, ndipo anthu ambiri amataya nthawi ndi ndalama chifukwa chowasokoneza.

Pepala loyamba ndi CCC, satifiketi yoperekedwa ndi ASHA, bungwe la akatswiri a kalankhulidwe ndi a makutu, lomwe linayamba mu 1925 ndipo likulu lake lili ku Rockville, m'chigawo cha Maryland. A kalankhulidwe amalandira CCC-SLP, a makutu CCC-A. Satifiketi imeneyi imadziwika dziko lonse, koma ASHA si boma, choncho payokha sikupatsani mphamvu ya lamulo yogwirira ntchito. Lachiwiri ndi laisensi ya chigawo chimene mukukhala, yochokera ku bodi yoona za ntchitoyi. Lachitatu ndi satifiketi ya ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawocho, yokulolani kugwira ntchito m'sukulu za boma. Zili ngati dalaivala wa minibasi: kukhoza kusukulu yoyendetsa galimoto n'kwina, laisensi n'kwina, chilolezo chonyamula anthu n'kwinanso.

Gwero la kusiyanaku ndi lamulo. Mu 1975 dziko la America linakhazikitsa lamulo loti mwana aliyense waulumali aphunzire m'sukulu za boma mosalipira. Mu 1990 lamuloli linapatsidwa dzina loti IDEA, ndipo linaunikidwanso mu 2004. Limatchula thandizo la kalankhulidwe ndi la makutu pakati pa zinthu zimene sukulu iyenera kupereka kwa mwana wofunika thandizolo, koma za maphunziro ndi ziphaso za ogwira ntchitoyo limasiyira chigawo chilichonse. N'chifukwa chake malamulo a ku Texas sangakuthandizeni ku New York.

Choyamba: sankhani chigawo, kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo

Musanalembere ku yunivesite iliyonse, khalani pansi mudzifunse kumene mukufuna kukagwira ntchito. Mukatero tsekulani masamba awiri a pa intaneti a chigawocho: la bodi ya malaisensi ndi la dipatimenti ya maphunziro. Funso lanu likhale limodzi: kuti ndigwire ntchito m'sukulu ya boma kuno, ndi mapepala ati amene akufunika?

Ku Texas yankho lake ndi lalifupi. Laisensi yochokera ku Texas Department of Licensing and Regulation, imene amaifupikitsa kuti TDLR, ndi imene SLP kapena audiologist amagwirira ntchito, kaya ndi kuchipatala kaya ndi kusukulu.

Ku New York n'zosiyana. Laisensi imachokera ku Office of the Professions, koma SLP wolembedwa ntchito m'sukulu ya boma amafunikanso satifiketi ya uphunzitsi yotchedwa TSSLD, ya mphunzitsi wa ana a vuto la kulankhula ndi chiyankhulo. Imaperekedwa ndi Office of Teaching Initiatives. Maofesi awiriwa ali pansi pa dipatimenti imodzi, komabe aliyense ali ndi mafomu ake ndi zofuna zake, ndipo kumaliza ndi mmodzi sikutanthauza kuti winayo wamva.

Ku California, ofesi ya ziphaso za aphunzitsi, Commission on Teacher Credentialing, imapereka Speech-Language Pathology Services Credential m'magawo awiri: yoyamba ya zaka 2, kenako yokhazikika imene mumakonzetsanso zaka 5 zilizonse. A makutu ali ndi yawo, Clinical or Rehabilitative Services Credential ya audiology. Laisensi ndiye imachokera ku bodi ina yapadera.

Zimene mwapezazo zilembeni papepala limodzi, pamodzi ndi tsiku limene mwaziwerenga, poti malamulowa amasintha. ASHA ili ndi tsamba lofotokoza mwachidule za chigawo chilichonse. Yambirani pamenepo, koma mawu omaliza muwatenge ku ofesi ya boma yeniyeniyo.

Chachiwiri: digiri yoyamba

Apa palibe zambiri. Ambiri amatenga digiri ya communication sciences and disorders, ya za kulankhula ndi kumva ndi mavuto ake, koma amene anaphunzira zina, monga uphunzitsi, unamwino kapena za ziyankhulo, amaloledwa akayamba atenga makosi odzazira mpata. Kwa ofuna CCC-SLP, ASHA imafuna kuti pa transcript, chikalata cha makosi amene munakhoza, pazioneka biology, physics kapena chemistry, statistics, ndi phunziro la chikhalidwe kapena kaganizidwe ka anthu monga psychology. Onetsetsani zimenezi mukadali pa digiri yoyamba. Kubwerera kukatenga kosi imodzi ya physics mutamaliza kale digiri yachiwiri n'kowawa.

Chachitatu: digiri ya ukatswiri ndi maola ake

Pulogalamu imene mukulowa ikhale yovomerezedwa ndi Council on Academic Accreditation, CAA mwachidule. Mndandanda wa mapulogalamu ovomerezeka uli poyera pa intaneti. Ngati dzina la sukulu mulibemo, musalipire ngakhale dola imodzi, ngakhale fizi yake ikhale yotsika chotani.

SLP amafunika digiri ya masters, yomwe kawirikawiri imatenga zaka 2. M'kati mwake muyenera kukwanitsa maola 400 oyang'aniridwa: 25 oonerera akatswiri akugwira ntchito, ndi 375 ogwira nokha ntchito ndi anthu ofuna thandizo, woyang'anira ali pafupi. Ola lililonse limalembedwa: tsiku, msinkhu wa amene munamuthandiza, mtundu wa vuto, ngati kunali kuyeza kapena kupereka thandizo, ndi siginecha ya woyang'anira. Musadikire kutha kwa teremu kuti akusainireni zonse pakamodzi. Oyang'anira amasintha ntchito, ena amasamukira kutali, ndipo ola losasainidwa lili ngati silinachitike. Sungani kope yanuyanu ya maola onsewo kunja kwa kompyuta ya sukulu, chifukwa mabodi ena amadzaifuna patapita zaka zambiri.

Chinthu chimene ndimaona kuti n'chachikulu kuposa zonse pa sitepe imeneyi ndi ichi: pemphani kuti gawo lina la maola anu mukalichitire kusukulu ya ana. Ophunzira ambiri amathamangira kuchipatala poganiza kuti ndiko kuli ulemu, n'kudzazindikira mochedwa kuti dipatimenti ya maphunziro ya chigawo chawo imafuna umboni woti anagwirapo ndi ana a sukulu. Funsaninso mkulu wa pulogalamu ngati yunivesiteyo imatumiza yokha dzina lanu ku dipatimenti ya maphunziro mukamaliza. Ku New York, mapulogalamu ambiri olembetsedwa kumeneko amatero pa TSSLD, ndipo njira imeneyi ndi yofupika kusiyana ndi kukapereka mapepala panokha kuti awaunike limodzilimodzi.

Kupatula za mapepala, ntchito ya kusukulu ili ndi zake zimene kuchipatala simungaziphunzire. Mumakhala ndi ana atatu kapena anayi patebulo limodzi laling'ono kwa theka la ola, wina akulimbana ndi liwu la s, wina sakutha kufotokoza nkhani mwandondomeko, wina akungofuna kubwerera kukasewera. Mumalemba zolinga za m'chikalata cha IEP, ndondomeko ya maphunziro ya mwana mmodzi payekha, ndipo mumakhala pamsonkhano ndi makolo, mphunzitsi wa kalasi ndi woimira akuluakulu a sukulu, n'kufotokoza zotsatira za kuyeza kwanu m'mawu oti mayi wotopa ndi ntchito amve bwinobwino.

Kwa audiologist njira ndi yotalikirapo. Kuyambira mu 2012 ASHA imafuna digiri ya udokotala kwa ofuna CCC-A, ndipo yodziwika kwambiri ndi AuD. Mapulogalamu ambiri amatenga zaka 4 pambuyo pa digiri yoyamba, chaka chomaliza chikhala chogwira ntchito tsiku lonse pansi pa woyang'anira. Ngati cholinga chanu ndi CCC-A, funsani msanga ngati oyang'anira anu ali nayo iwowo, popeza si audiologist aliyense amaisunga. Ena amasankha satifiketi ya American Board of Audiology, ena amangokhala ndi laisensi. Pezaninso mpata woyenda ndi audiologist wa m'sukulu. Mudzaona akuyesa makina a mwana m'mawa: amaima kumbuyo kwake kapena kuphimba pakamwa, n'kutchula mawu 6 a Ling, omwe ndi m, u, a, i, sh ndi s, mwanayo n'kumabwereza. Akalephera kumva s, ndiye kuti penapake pali vuto, mwina batire, mwina phula latseka kachubu, mwina kamvedwe kasintha. Mudzaonanso akulumikiza maikolofoni ya mphunzitsi ku makina a mwana kuti mawu azifika molunjika ngakhale m'kalasi muli phokoso. Malamulo a IDEA amafuna kuti sukulu izionetsetsa kuti makina a ana oterewa akugwira ntchito, ndipo ntchito imeneyi nthawi zambiri imayendetsedwa ndi audiologist.

Chachinayi: mayeso a Praxis

Amakonza ndi bungwe la ETS ndipo amalembedwa pakompyuta. A kalankhulidwe ndi nambala 5331, a audiology ndi 5343. Onse awiri, ASHA imafuna malikisi 162 pa sikelo yoyambira 100 mpaka 200, ndipo zigawo zambiri zimatsatira muyezo womwewo. Nthawi yabwino yolembera ndi chakumapeto kwa maphunziro, zinthu zikadali m'mutu.

Polembetsa, amakufunsani kumene zotsatira zitumizidwe. Ikanipo ASHA, bodi ya malaisensi, dipatimenti ya maphunziro ngati imazifuna, ndi yunivesite yanu. Maofesiwa amalandira zotsatira zochokera ku ETS mwachindunji, osati kope imene mwasindikiza kunyumba. ASHA simalandira zotsatira zopitirira zaka 5 pa tsiku limene mukupempha satifiketi, choncho musalembe mayeso n'kukhala chete.

Chachisanu: chaka choyamba cha ntchito, pansi pa mlangizi

Ichi n'cha SLP yekha, chifukwa audiologist amakhala atachita kale chaka chake m'kati mwa digiri. ASHA imachitcha Clinical Fellowship, kapena CF. Mumalembedwa ntchito, mumalandira malipiro, koma pali katswiri amene akukuyang'anirani. Muyenera kukwanitsa masabata osachepera 36 komanso maola osachepera 1,260, zomwe ndi maola 35 pa sabata. Mukhoza kugwira maola ochepa pa sabata, bola asachepere 5, ndipo zonse zithe pasanadutse miyezi 48. Magawo 80 pa 100 aliwonse a nthawiyo akhale okhudza mwachindunji ana amene mukuwathandiza: kuyeza, kupereka thandizo, kulemba malipoti, kukambirana ndi makolo.

Pali misampha itatu pano.

Woyamba ndi kuyamba ntchito chilolezo chosakhalitsa chisanatuluke. Ku Texas muyenera kukhala ndi laisensi ya intern musanayambe. Ku California nthawiyi amaitcha Required Professional Experience, ndipo ili ndi laisensi yake yosakhalitsa. Masabata amene mwagwira isanatuluke bodi siwawerengera. Ngakhale sukulu ikukakamizeni kuti ana akudikira, auzeni mwaulemu kuti mudikira pepalalo.

Wachiwiri ndi mlangizi. Ayenera kukhala ndi CCC-SLP yogwira ntchito nthawi yonse ya CF yanu, akhale atagwira ntchito miyezi 9 chilandirireni satifiketiyo, ndiponso atachita maola 2 a maphunziro a kayang'aniridwe ka ena. Lowani pa tsamba la ASHA mufufuze dzina lake musanayambe, ndipo mubwerezenso mu Januwale, chifukwa satifiketi ikhoza kutha mphamvu pakutha pa chaka ngati mwini wake sanalipire. Musachite manyazi ndi zimenezi. Mlangizi wabwino amakondwera kuona kuti mukusamala. CF imagawidwa patatu, ndipo pa gawo lililonse mlangizi ayenera kukuonererani mukugwira ntchito kwa maola 6, kuwonjezera pa kuunika kwina monga kuwerenga malipoti anu. Gwirizanani masiku ake kumayambiriro, muwalembe pakalendala.

Wachitatu ndi kalendala ya sukulu. Chaka cha sukulu ku America chimakhala cha masiku pafupifupi 180. Mukachotsa matchuthi ndi masiku amene simunagwire, mukhoza kufika mu Juni maola 1,260 asanakwane, makamaka ngati munayamba teremu itayamba kale. Werengerani nokha mwezi uliwonse. Ngati akupelewera, funsani za ntchito ya m'nyengo ya tchuthi chachitali, kapena konzekerani kudzamaliza sukulu zikatsekulidwanso.

Chachisanu ndi chimodzi: satifiketi ya ku dipatimenti ya maphunziro

Ngati chigawo chanu chimaifuna, yambani kuikonza mukadali pasukulu, chifukwa nthawi zambiri imafunika tsiku loyamba la ntchito. Titenge New York. Mumatsekula akaunti pa TEACH, tsamba la pa intaneti la ziphaso za aphunzitsi, ndipo zonse zimadutsira pamenepo. Mumakadinditsa zala kuti afufuze mbiri yanu ya milandu. Mumachita maphunziro afupiafupi angapo: ozindikira ndi kunena za nkhanza kwa ana, opewa ziwawa m'sukulu, a zosowa za ana a autism, ndi a maola 6 a lamulo la DASA loteteza ana kuti asamazunzidwe kapena kusalidwa. Satifiketi yoyamba imakhala zaka 5, ndipo m'zaka zimenezo mumayenera kukwaniritsa zofunika kuti mupeze ya Professional. Palinso chowonjezera cha bilingual kwa othandiza ana m'ziyankhulo ziwiri.

Maphunziro a nkhanza kwa ana musawaone ngati chongodutsapo. SLP amakhala ndi mwana m'kagulu kakang'ono, nthawi zina awiriwiri, ndipo ntchito yake ndi yothandiza mwanayo kufotokoza za kumtima. Zimachitika kuti ndi iye amene amayamba kumva zimene mwana sanauzepo munthu wina, ndipo lamulo limamukakamiza kukanena.

Dzina lanu lilembedwe mofanana pa mapepala onse. Ngati pasipoti ili ndi mayina atatu, transcript awiri, ndipo mwakwatiwa n'kusintha lachibale, tumizani chikalata chotsimikizira kusinthako pamodzi ndi fomu yoyamba. Mafayilo ambiri amaima chifukwa cha zazing'ono ngati zimenezi.

Chachisanu ndi chiwiri: laisensi yokhazikika ndi CCC

CF ikatha, mlangizi amatsimikizira ku ASHA ndi ku bodi, inu n'kupempha laisensi yokhazikika. Zigawo zina, monga Texas, zili ndi kamayeso kena ka malamulo a ntchito a m'chigawomo.

Kumene sukulu imangofuna satifiketi ya dipatimenti ya maphunziro, ena amati laisensi ndi CCC n'zongowonongetsa ndalama. Ine ndikuti tengani zonse. Sukulu zambiri zimabwezeredwa ndalama ndi Medicaid, ndondomeko ya boma yolipirira zaumoyo za anthu opeza movutika, pa thandizo loperekedwa kwa ana oyenerera, ndipo malamulo a Medicaid amafuna katswiri wa muyezo wa CCC kapena wofanana nawo, kotero amene ali nawo amafunidwa kwambiri. Popanda laisensi simungagwire kuchipatala kapena kuona ana panokha nthawi ya tchuthi. Popanda CCC simungakhale mlangizi wa CF wa obwera pambuyo panu. Ndipo mukadzasamuka, mabodi ambiri amalandira CCC ngati umboni woti maphunziro, mayeso ndi chaka choyang'aniridwa munamaliza.

Ngati munaphunzira kunja kwa America

Mapepala anu ayenera kuunikidwa kosi ndi kosi ndi bungwe loyerekeza madigiri akunja, monga WES, kuti aone ngati akufanana ndi masters kapena udokotala wa kumeneko. M'mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, munthu amayamba ntchitoyi ndi digiri yoyamba ya zaka 4, ndipo iyi kawirikawiri siikwana pa muyezo wa ku America. Amene ali ndi digiri yoyamba ya audiology ayembekezere kulowa pulogalamu ya AuD. Kwa a kalankhulidwe amene ali ku Britain pali khomo lina: ASHA ili ndi mgwirizano wozindikirana ziphaso ndi mabungwe anzake a ku UK, Canada, Ireland, Australia ndi New Zealand. Mgwirizanowu umathandiza pa CCC-SLP, koma bodi ya chigawo ndi dipatimenti ya maphunziro zimaunikabe mwa malamulo awo. Pa viza ya ntchito, SLP ndi audiologist ali m'gulu la ogwira ntchito zaumoyo amene amafunika satifiketi ya VisaScreen.

Wina asakufooketseni chifukwa cha kamvekedwe ka Chingerezi chanu. Chofunika n'choti muzimveka bwino ndiponso muzitha kupereka chitsanzo cha liwu limene mwana akuphunzira. Ndipo kukula ndi ziyankhulo ziwiri ndi mphamvu pa ntchitoyi. Mwana amene kwawo amalankhula Chichewa akasinthanitsa l ndi r m'Chingerezi, inu mudziwa kuti m'chiyankhulo chathu mawu awiriwa sasiyanitsa tanthauzo, ndipo si matenda. Lamulo la IDEA limafuna kuti mwana ayezedwe m'chiyankhulo chimene chingaonetse bwino zimene akudziwa, ndipo katswiri wosiyanitsa vuto lenileni ndi kusiyana kwa ziyankhulo amateteza ana kuti asaikidwe m'gulu limene sakuyenera.

Kusunga ziphasozo

Pepala lililonse lili ndi tsiku lake lotha ndi maola ake a maphunziro owonjezera. CCC imafuna maola 30 pa zaka 3 zilizonse, limodzi mwa iwo likhale la khalidwe loyenera pa ntchito, komanso kulipira chaka ndi chaka. Laisensi ya ku New York imakonzedwanso pa zaka 3 ndi maola 30. Ya ku Texas ndi zaka 2, maola 20, awiri a khalidwe loyenera. Kosi imodzi ikhoza kuwerengedwa kumbali zingapo, koma masiku oyambira kuwerenga amasiyana, choncho sungani satifiketi ya kosi iliyonse m'fayilo imodzi, ndipo masiku otha ziphaso muwaike mu foni ndi chikumbutso cha miyezi 3 pasadakhale.

Mukafuna kusamuka, fufuzani ngati chigawo chanu ndi chimene mukupitako zili mu mgwirizano wa ASLP-IC, womwe zigawo zoposa 30 zinauvomereza kuti wa laisensi ya kwina azitha kupempha chilolezo chogwira ntchito kwinanso. Mgwirizanowu umayendera laisensi ya bodi, kotero amene ali ndi satifiketi ya dipatimenti ya maphunziro yokha sangaugwiritse ntchito. Lemberaninso dipatimenti ya maphunziro ya kumene mukupitako, mufunse ngati ikufuna satifiketi yake pamwamba pa chilolezocho, ndipo yankho lake mulisunge lolembedwa musanasainire kontirakiti ndi sukulu yatsopano.